Bambo anasiya thiranki ya mbale za country: ndigulitse, nditaye, kapena ndiwonjezerepo?

"Zikomo akatswiri. Bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo pokonza m'nyumba mwawo ku Zomba tinapeza thiranki yodzaza ndi mbale za nyimbo. Iwo anagwirapo ntchito ku Joni, kenako ku Salisbury (Harare ya lero), ndipo zambiri anabwera nazo kuchokera kumeneko. Muli za Jim Reeves zambirimbiri, za Skeeter Davis, Charley Pride, Dolly Parton, Don Williams, ndi zina zolemera kwambiri zimene imodzi inasweka itangondipulumuka pang'ono. Zikuto zina chiswe chinadya, zina zachita chuku. Gumbagumba yawo ilipo koma papita zaka isanayatsidwe. Mnzanga akuti ndatola chuma, ndigulitse kwa azungu pa intaneti. Mlongo wanga akuti nditaye zonse poti nyimbo zomwezo zili pa foni. Ine mtima wanga ukufuna kuzisunga, ndiponso kuwonjezerapo zina, makamaka za bluegrass zimene ndangoyamba kuzikonda. Ndiyambire pati? Nanga nditsuke ndi sipiriti monga ena akundiuzira?" Wowerenga wa ku Zomba.

Pepani ndi imfa ya bambo, achimwene. Za mbalezo khazikani mtima pansi, zambiri zipulumuka. Mbale ya pulasitiki ndi chinthu chopirira kwambiri. Chiswe chikhoza kudya chikuto mpaka kutsala nyenyeswa zokhazokha, mbale ili m'katimo n'kutuluka bwinobwino. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira mbale zakale, ndaona kuti zambiri siziwonongekera m'thiranki ayi, zimawonongeka sabata yoyamba zikatuluka, mwini watsopano ali ndi phuma lozipukuta ndi kuzimva. Ndiye tisanapite patali, sipiritiyo muiike kutali, gumbagumbayo musaiyatse kaye, ndipo mwezi uno musagulitse kanthu kwa wina aliyense.

Mnzanu uja ndimukhumudwitsa pang'ono. Mbale sikwera mtengo chifukwa choti ndi yakale. Imakwera ikakhala yosowa, ili yosakalika, ndiponso pali anthu amene akuilimbirana. Tsono Jim Reeves anagulitsa mbale mamiliyoni, ndipo atamwalira pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 July 1964, kampani ya RCA inapitiriza kutulutsa zimbale zake kwa zaka zambiri. Funsani wachibale aliyense amene ali ku Britain: m'masitolo a mabungwe achifundo, momwe amagulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, mbale za Jim Reeves zimadzaza makatoni ndipo zimapita pa paundi imodzi kapena ziwiri. Chimodzimodzinso za Charley Pride ndi Don Williams. Mutati mutumize imodzi kuchokera ku Zomba, ndalama ya positi yokha ingapose mtengo wa mbaleyo. Ndiye zoti mwalemera, ayi. Koma m'thiranki ngati imeneyi mumabisala zina zamtengo, ndipo kawirikawiri si zimene munthu amaziganizira. Tifikapo.

Achemwali anunso sakulondola kwenikweni. Inde mayina a nyimbozo mukawafufuza pa foni muwapeza, koma si nthawi zonse pamene mudzamve chimene bambo ankamva. Makampani a nyimbo za country anali ndi chizolowezi chokonzanso nyimbo za oimba amene anamwalira. Mawu a Jim Reeves ankawachotsa pa tepi yakale n'kuwaikira zoimbira zatsopano, mpaka mu 1981 anatulutsa nyimbo yomveka ngati akuimba limodzi ndi Patsy Cline, chikhalirecho awiriwo anali atamwalira kalekale ndipo sanajambulepo nyimbo pamodzi. Hank Williams, amene anamwalira pa 1 January 1953 ali ndi zaka 29 zokha, anajambula nyimbo zake zonse mwa mono, mawu onse otulukira njira imodzi, koma m'ma 1960 kampani ya MGM inazithira mavayolini ambirimbiri ndi stereo yongopangira, yogawa mawu kumanzere ndi kumanja. Oimba enanso atakalamba ankabwereza nyimbo zawo zotchuka ku timakampani ting'onoting'ono, mawu atatopa kale, chikuto n'kuikapo chithunzi cha unyamata wawo. Pa foni zonsezi zimasakanikirana popanda wokuuzani. Mbale ili m'manja mwanu imanena yokha kampani yake, nambala yake ndi dziko limene inadindidwa. Ndiye ntchito ya wosonkhanitsa mbale yagona pamenepa, kudziwa chimene wagwira.

Choyamba muchite ndi kusanja. Sankhani tsiku lopanda mvula, yalani mphasa pakhonde pamthunzi, mangani kansalu kumphuno chifukwa fumbi la chuku limayambitsa chifuwa, ndipo muike mbalezo m'magulu atatu. Zazikulu za mainchesi 12, zopepuka, zimene zimawerama pang'ono mukazipinda, zokhala ndi nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse, ndizo ma LP, zozungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi. A kampani ya Columbia ndi amene anaziyambitsa mu 1948. Zing'onozing'ono za mainchesi 7, nyimbo imodzi kuseri imodzi kumaso, ndi za 45, zimene RCA Victor anatulutsa mu 1949. Zolemera zija, zouma gwa, kawirikawiri za mainchesi 10, ndi za 78, mbale za galamafoni. Zimenezi si pulasitiki. Zinapangidwa ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India ndi maiko oyandikana nawo, wosakaniza ndi ufa wa miyala. N'chifukwa chake inasweka itangokupulumukani, ndipo n'chifukwa chakenso ndakuletsani sipiriti: shellac amasungunuka mu sipiriti. Ndinaonapo mbale ya 78 imene munthu anaipukuta ndi thonje lonyowetsa sipiriti. Thonjelo linada bii, pamene linadutsa panasalala n'kutuwa, ndipo nyimbo ya pamenepo inapita osabwereranso.

Mukasanja, tengani kope ndi cholembera, muyambe kuwerenga lebulo yapakati ija. Yang'anani m'mphepete mwake kapena kuseri kwa chikuto, pa timalemba ting'onoting'ono, muone kumene mbaleyo inadindidwa. Poti bambo anagula ku Joni ndi ku Salisbury, ndikuyembekezera kuti zambiri za RCA zikhala zolembedwa Teal Record Company, ndipo zina Gallo, makampani a ku Johannesburg amene ankadinda nyimbo za ku America mwa chilolezo n'kumagulitsa chigawo chonse chino. Zina mupeza zolembedwa Rhodesia, mwinanso Zambia, poti Teal anali ndi fakitale ku Ndola. Zodindidwa kunozi nthawi zina zimakhala ndi chikuto chosiyana kapena mndandanda wa nyimbo wosiyana ndi wa ku America, ndipo zimenezo n'zimene zimakopa wosonkhanitsa wakunja amene ali kale ndi zonse zachizolowezi. Jim Reeves anayendera South Africa mu 1962 limodzi ndi Chet Atkins ndi Floyd Cramer, anabweranso mu 1963 kudzasewera filimu ya Kimberley Jim, ndipo anaimbako nyimbo m'Chiafrikaans. Mukapeza mbale yake ya Chiafrikaans ili yosakalika, iikeni padera. Siikugulirani galimoto, koma si ya m'katoni ya paundi imodzi ija.

Ngati muli zodindidwa ku America zenizeni, manambala a RCA amalankhula. Oyamba ndi LPM ndi mono, oyamba ndi LSP ndi stereo, ndipo LSP yokhala ndi kachilembo ka e kumapeto ndi nyimbo ya mono imene anaigawa mwamakina kuti imveke ngati stereo. Ine ya mtundu umenewu sindiikonda, mawu a woimba amamveka ngati ali m'chipinda chopanda katundu, ndipo ndikapeza ya mono yeniyeni ndimasankha yomweyo. Zolembedwa RCA Camden ndi zotsika mtengo zimene kampani inkasonkhanitsamo nyimbo zakale. Ndi zabwino kumvera, koma n'zosasowa. Kenako pendeketsani mbaleyo pakuwala, muyang'ane kampata kosalala kamene kali pakati pa nyimbo yomaliza ndi lebulo. Muona timanambala ndi timalemba tozokotedwa, tina ndi dzanja tina ndi chidindo. Lembani timeneto m'kope. Pa tsamba la pa intaneti la Discogs, la ogula ndi ogulitsa mbale, mukalemba nambala ya pa lebulo ndi timanambala timeneti, mupeza mbale yanu yeniyeniyo, chaka chake, ndi mitengo imene ena anagulitsirapo. Muziyang'ana mtengo umene mbale inagulidwadi, osati umene wogulitsa akuitanira, chifukwa kuitanira aliyense amaitanira mmene wafunira.

Tsopano za zobisala zija. Munthu wa m'badwo wa bambo anu sankagula country yekhayekha. Pakati pa Skeeter Davis ndi Dolly Parton mukhoza kupeza ka 45 ka oimba a konkuno kodindidwa ndi Nzeru Record Company, kapena ka Kachamba Brothers, kapena chimbale cha ku Zambia cha m'ma 1970 cha WITCH, Amanaz kapena Ngozi Family, kapena 78 ya kwela ya Gallotone. Zimenezi zinadindidwa zochepa, zinavinidwa mpaka kutha, ndipo zotsala zili bwino ndi zowerengeka. Ndi zimene ogula akunja amasakasaka. Ndiye samalani ndi munthu wobwera ndi mawu okoma akuti "ndigula thiranki yonse pamodzi, ndikuchotsereni chipsinjo." Iye wawona ziwiri kapena zitatu zimene akuzifuna, zinazo ndi zongoperekeza. Komanso katunduyu ndi wamasiye. Musanagulitse ngakhale imodzi, khalani pansi ndi achemwali anu ndi abale ena, mugwirizane.

Kutsuka n'kosavuta, kumangofuna kufatsa. Za LP ndi 45 muchite chonchi. Sambani m'manja, mbale muziigwira m'mphepete ndi pa lebulo basi. Gulani madzi aja othira m'batire ya galimoto (distilled water), koma muwerenge botolo bwinobwino kuti ndi madzi okha, si asidi. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime amasiya mchere m'timizere, ndipo mchere umenewo ndi umene umadzamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Thirani madziwo m'beseni laukhondo, dontho limodzi lokha la sopo wamadzi wotsukira ziwiya, ndipo ndi kaburashi kofewa kapenti kamene sikanagwirepo ntchito muzisesa motsata timizere, mozungulira, osati modutsa. Lebulo isanyowe. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, imikani mbaleyo chilili pamthunzi iume yokha. Padzuwa ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Palafini, mafuta ophikira, polishi ndi mankhwala otsukira mawindo, zonsezi ndaziona anthu akupaka kuti mbale iwale, ndipo imawaladi, koma fumbi limakakamira m'timizere ndi pa singano. Za 78 muzitsuka ndi madzi ochepa kwambiri, mwachangu, osaziviika, ndipo muzisiye ziume tsiku lathunthu musanazibwezere m'chikuto.

Timapepala tam'kati timene tachita chuku mutaye, mugule tatsopano kapena mupange ndi pepala loyera losalala. Koma zikuto zakunja musataye ngakhale chiswe chinadya theka. Pali nambala, pali mayina a oimba zida, nthawi zina pali chidindo cha sitolo imene bambo anagulamo, mwinanso dzina lawo ndi tsiku, zolembedwa ndi dzanja lawo. Wogula wakunja amatsitsa mtengo akaona dzina lolembedwa pachikuto, koma kwa inu pamenepo ndi pamene pali phindu lenileni la mbaleyo. Zikuto zimene mukukayikira kuti mudakali tizilombo, zikulungeni mu jumbo, mumange bwino, muziike mufiriji yoziziritsa kwambiri ija kwa sabata. Zikuto zokha, mbale zitatulutsidwa.

Gumbagumba ija ndi chikumbutso chabwino, koma musailole kukhudza mbale zanu isanaonedwe. Zida zam'kati za makina amene akhala zaka osayaka zimauma, ndipo kungoilumikiza kumagetsi ikhoza kufuka utsi kapena kukugwirani nyesi. Singano yake nayonso mosakayika inatha, ndipo singano yakutha imapala mbale ulendo umodzi wokha. Ambiri tikukumbukira akuluakulu akuika ndalama yachitsulo pamwamba pa mkono wa gumbagumba kuti singano isalumphe. Inkasiyadi kulumpha, koma mbale zambiri zimene lero zimalira mokwerakwera pa mawu okweza zinafera pamenepo. Ngati mukufunadi kusonkhanitsa mbale, ndalama yanu yoyamba ipite ku choimbira, osati ku mbale zina. Funani chokhala ndi kachitsulo kolemera kumbuyo kwa mkono kochunira kulemera kwa singano, pafupifupi magalamu 2 pa masingano ambiri amakono. Zakale za Technics, Pioneer kapena Dual zikakhala zosamalidwa ndi zabwino, ndiponso zatsopano za Audio-Technica. Timasutikesi totchipa tija tokhala ndi sipika momwemo timapondereza singano kwambiri, tisiyeni. Muonenso ngati ampulifaya yanu ili ndi polowetsa polembedwa phono. Ngati palibe, pamafunika kabokosi kena kakang'ono kokweza mawu pakati, apo ayi nyimbo imveka yapansipansi ndi yopanda besi.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu a kuno okhala ndi abale ku America. Magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz, a ku America ndi a 120V pa 60Hz. Thiransifoma imatsitsa mphamvu yokha, sisintha 50Hz ija. Zoimbira zambiri zakale zoyendera lamba injini yake imatsata kugunda kwa magetsi, ndiye cha ku America mukachilumikiza kuno mbale ya 33 imazungulira pafupifupi ka 28, ndipo Dolly Parton amamveka ndi mawu aamuna. Gulani chochokera ku Britain kapena ku South Africa, kumene magetsi ndi ofanana ndi athu. Muikenso chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anazima. Za 78 zimafuna choimbira chokhala ndi liwiro la 78 ndi singano yakeyake yonenepa, chifukwa timizere take ndi totakata. Singano ya LP imagwera pansi pa mzere n'kumakokera phokoso lokhalokha. Audio-Technica ndi Ortofon amapangabe singano za 78.

Posunga, mbale ziziima chilili, zogundana bwino koma zosapanikizana, pa shelefu yolimba yotalikirana ndi simenti ndiponso ndi khoma lakunja. Kuzisanjikiza chogona ndiko kumazipinda. Nyumba ya malata yopanda siling'i m'mwezi wa October, pawindo pamene pamafika dzuwa, ndi m'galimoto yoimikidwa panja, amenewa ndi malo atatu amene ndaona akupinda mbale zambiri. Ku Zomba vuto lanu lalikulu likhala chinyezi cha nthawi ya dzinja, ndiye chipindacho chizipita mphepo, ndipo muzitulutsa mbale zingapo mwezi uliwonse kuona ngati chuku chayambanso. Yopindika pang'ono imaimba ndithu. Yopindika kwambiri musaiyese ndi simbi kapena kuipanikiza pakati pa magalasi padzuwa, chifukwa timizere timaphwanyika mbale isanawongoke.

Tibwere ku zimene mtima wanu ukufuna, kuwonjezerapo. Malangizo anga ndi akuti musagule chilichonse cholembedwa country. Nyimbozi ndi nyanja, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo shelefu imadzaza msanga ndi zimbale zobwerezabwereza nyimbo zomwezomwezo. Thiranki ya bambo yakupatsani kale nyengo imodzi yathunthu, ya Nashville ya m'ma 1960 ndi 1970, nyimbo zofewa za mavayolini ndi makwaya kumbuyo zimene Chet Atkins ndi Owen Bradley ankakonza, kufikira kwa Don Williams amene anthu a chigawo chino anamukonda mpaka anabwera kudzaimba ku Harare mu 1997. Chimene mulibe ndi mizu yake. Mu 1927 Ralph Peer wa kampani ya Victor anatchera makina ake m'tauni ya Bristol, m'malire a Tennessee ndi Virginia, n'kujambula anthu a m'mapiri amene anabwera kudzayesa mwayi. Mwa iwo munali Jimmie Rodgers ndi a Carter Family. Mverani mmene Maybelle Carter ankaimbira gitala, chala chachikulu chikuyendetsa nyimbo pa nsambo zonenepa, zala zina zikukwapula zing'onozing'ono, mudzamva kumene zambiri zinachokera. Mbale za Jimmie Rodgers zinafika mpaka kuno ku Africa, ndipo mu 1950 Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za ku Africa, anajambula anthu a mtundu wa Kipsigis ku Kenya akuimba nyimbo yotchula dzina la Rodgers. Ndiye pa za 78 za bambo zija muyang'anitsitse, mwina mulimo ya Rodgers pa lebulo ya Regal Zonophone kapena His Master's Voice.

Bluegrass ndiye musayembekezere kuipeza m'mathiranki a kuno. Makampani a ku Johannesburg ankadinda zimene zinkayenda malonda, ndipo bluegrass ngakhale kwawo ku America komweko inali ya anthu ochepa. Inayamba ndi Bill Monroe wa ku Kentucky, woimba mandolini, ndi gulu lake la Blue Grass Boys limene linalowa pa pulogalamu ya pa wailesi ya Grand Ole Opry mu 1939. Koma kamvekedwe kamene mwakakondako kanakhazikika kumapeto kwa 1945, pamene Earl Scruggs anabwera ndi banjo ya nsambo zisanu yoimba ndi zala zitatu, Lester Flatt ali pa gitala ndi kutsogolera nyimbo. Gulu limenelo linajambula nyimbo zosakwana 30 ku Columbia mu 1946 ndi 1947, ndipo zimenezo ndizo maziko. Mu 1948 Flatt ndi Scruggs anachoka n'kuyamba gulu lawo, ndipo zimene anajambula ku kampani ya Mercury kufikira 1950 ndi moto weniweni. Monroe anasamukira ku Decca. Mulibe ng'oma m'nyimbozi, mulibe gitala yamagetsi, chida chilichonse chimalandira mpata wake n'kubwezera chinzake. Khutu limene linakula likumva banjo ya Allan Namoko silichedwa kuzolowera.

Koma mukandifunsa ine poyambira, ndikuuzani a Stanley Brothers, Carter ndi Ralph, a m'mapiri a Virginia, makamaka zimene anajambula ku Mercury kuyambira 1953. Scruggs amakudabwitsa ndi liwiro la zala, pamene a Stanley amakugwira pamtima. Mawu a Carter ndi odekha, a Ralph amakwera pamwamba pake mowawa, ndipo nyimbo zawo zauzimu, za amayi amene anatsogola ndi za kumudzi kumene munthu anachoka, munthu amene wakulira m'kwaya ndi m'nyimbo za pamaliro amazimva ngakhale Chingerezi chake chitamudutsa. Inu amene mwangotaya bambo, muzimvere muli pamalo odekha. Mukakhuta amenewa mudzapite kwa Jimmy Martin, Reno ndi Smiley, Osborne Brothers ndi Country Gentlemen.

Pa nyimbo zimenezi musathamangire mbale zoyambirira za 78. Zosowa zenizeni, monga za kakampani ka Rich-R-Tone kumene a Stanley anayambira mu 1947, n'zodula, zambiri zinadyedwa ndi singano zachitsulo za galamafoni, ndipo shellac ndi ulendo wa pa positi sizigwirizana. Chimene mukufuna ndi nyimbo yoyambirira yomveka bwino, ndipo imeneyo ili pa zimbale zotulutsidwanso ndi makampani osamala. Bear Family ya ku Germany, imene inayamba mu 1975, imatulutsa mabokosi a ma CD okhala ndi zonse zimene woimba anajambula pa nyengo inayake, pamodzi ndi buku lonena tsiku, malo ndi amene anaimba chida chilichonse. Ndi odula ndi olemera, koma bokosi limodzi limaposa zimbale makumi awiri zotolatola. County, Rebel ndi Rounder ndi mayina amene mukawaona pa LP kapena CD ya bluegrass mukhoza kugula osaopa. Smithsonian Folkways imasunga zimbale zake zonse kuti zizipezeka, ndipo timabuku tofotokoza nyimbozo mukhoza kutitsitsa ulere pa tsamba lawo. CD musainyoze. Siiopa chinyezi ngati chikuto cha LP, ndi yopepuka m'chikwama, ndipo masiku ano zogwiritsidwa kale ntchito zatsika mtengo. Chimbale chilichonse chosatchula chaka chimene nyimbo zinajambulidwa, kapena cholembedwa mobisa kuti woimba anazijambulanso, chisiyeni.

Pogula kunja mudzakumana ndi zilembo zosonyeza mmene mbale ilili. NM ndi yooneka ngati yatsopano, VG+ ili ndi tizipsera tosamveka kwenikweni, VG imathetheka koma imamveka, ndipo G ndi yotopa, yoyenera kugula pokhapokha ngati ndi yosowa zedi. Ine ndimaima pa VG+. Njira yotchipa ndi kugula kwa ogulitsa a m'dziko limene muli m'bale wanu, azilandira iyeyo, adzabwere nazo m'chikwama cham'manja, mbale zitatulutsidwa m'zikuto n'kuikidwa pambali pake pakati pa makatoni olimba, kuti zisang'ambe m'mphepete mwa chikuto. Zobwera pa positi muwerengeretu msonkho wa pa kasitomu. Konkuno, funsani kwa aphunzitsi opuma, akalaliki akale a m'maesiteti ndi mabanja a amene anapita ku Theba. Mukapeza mayi wamasiye ali ndi katoni ya malemu amuna awo, muwauze zoona za chimene ali nacho ndipo muwalipire moyenera. Makaseti a Don Williams ndi Kenny Rogers amene anadzaza misika m'ma 1980 ndi 1990 ambiri anali okopera, ndiye musungepo okhawo amene ali ndi chikumbutso.

Pali zinthu zitatu zimene musachite nokha. Gumbagumba ipite kwa mmisiri wa mawailesi wachikulire amene anagwirapo makina a mtundu umenewo, ndipo mumuuze kuti aone zam'kati asanailumikize kumagetsi. Mbale iliyonse imene Discogs ikusonyeza kuti inagulidwapo pa mtengo wokwera, musaigulitse kwa munthu woyamba, funsani osonkhanitsa awiri kapena atatu osadziwana. Chachitatu ndicho chachikulu. Mukapeza mbale yokhala ndi lebulo yolembedwa pamanja kapena pa taipi, yolemera, yooneka chitsulo m'mphepete kapena pabowo, pamwamba pake pakusuwa kapena pachita zoyera ngati ufa, musaitsuke ndipo musaiimbe. Imeneyo ndi mbale yojambulidwa imodzi yokha, mwina ku wailesi kapena m'situdiyo, ndipo mwina palibenso ina padziko. Muli ndi mwayi kuti National Archives of Malawi ili ku Zomba komweko, kafunseni kumeneko. Ku South Africa kulinso International Library of African Music ku Makhanda, imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, ndipo iwo ntchito yawo ndi yomweyi.

Ngati amayi kapena amalume alipo, khalani nawo ndi kope lija muziwaonetsa chikuto chimodzichimodzi, akuuzeni imene bambo ankaika Lamlungu m'mawa ndi imene inavinidwa pa ukwati wawo, mulembe pambali pa nambala yake. Choimbira chikapezeka, zimene banja limazikonda muzijambulire mu kompyuta muwatumizire achemwali anu pa foni yawo ija. Mukamaliza kusanja, jambulani lebulo ya 78 iliyonse mbali zonse ziwiri, pakuwala kokwanira kuti manambala aziwerengeka, munditumizire pamodzi ndi za 45 zonse zosakhala za Chingerezi. Tiyambira pamenepo.